Khoma Limene Silinagwetsedwe

Malire a dziko amaoneka bwino pamapu kusiyana ndi pansi pamene anthu amaponda. Munthu woima pachipata cha Mwanza akaponya maso cha ku Zobue, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, saona kusiyana kwa dothi, kwa mitengo ngakhalenso kwa chiyankhulo. Mzere umene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana m'chaka cha 1891 unadutsa pakati pa anthu amene amakwatirana, kuikana maliro ndi kugulana chimanga. Motero kwa munthu wa ku Mwanza, kupita kunja kwa dziko ndi ulendo wapansi wa tsiku limodzi.

Ubale umenewu unayesedwa pa nthawi ya nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira kuno ku Malawi. Ena anakhala m'misasa monga wa Luwani, kudera limene linali mbali ya Mwanza kufikira pamene Neno inakhala boma palokha m'chaka cha 2003, pamene ena anangolowa m'midzi mwa abale awo. Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama atasaina pangano la mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, othawa aja anayamba kubwerera. Kwawo anakapeza mabwinja.

Patapita zaka zochepa, kumpingo wina wa m'dera la mfumu yaikulu Nthache kunafika uthenga wochokera kutsidya kwa malire. Akhristu amene ankapemphera nawo pa nthawi ya nkhondo anali kupempha manja oti akawathandize kumanganso tchalitchi chawo. Ananeneratu kuti malipiro panalibe, kupatula nsima ndi pogona.

Pakati pa amene anadzipereka panali mmisiri wina wodziwika kwambiri pa ntchito yomanga. Kudzipereka kwake sikunali kwa masewera, pakuti chilimwe ndiyo nyengo imene mmisiri amapeza ndalama za feteleza ndi za sukulu ya ana. Mkazi wake anamufunsa mosabisa: "Kodi abambo, mvula ikagwa tidzathira mapemphero m'munda?" Iye anangoyankha kuti mnzako akapsa ndevu mzimire, natenga mpeni womangira, chingwe ndi levulo, n'kunyamuka pamodzi ndi anzake.

Atafika, malangizo oyamba amene analandira sanali okhudza njerwa. Eni mudzi anawachenjeza kuti aziyenda m'njira zopondedwa kale basi, chifukwa m'thengo munali mabomba okwirira pansi. Zinatengadi zaka zambiri kuti ntchito yowachotsa ithe, mpaka m'chaka cha 2015 pamene dziko la Mozambique linalengeza kuti lamaliza. Choncho ngakhale nkhuni zootchera njerwa zinkatemedwa pokhapo pamene mwini dera waloza. Apa mmisiri uja anayamba kuona kuti luso lake linali ndi polekezera.

Tchalitchi chakale chinali chitagwa mbali zitatu. Khoma limodzi lokha ndilo linatsala, lodetsedwa ndi utsi ndiponso lodzaza ndi mabowo a zipolopolo. Mmisiriyo ataliyang'ana analamula kuti ligwetsedwe kuti ntchito iyambire pamaziko atsopano. Anyamata anali atanyamula kale mapiki pamene gogo wina wamkazi anadzuka nakaima patsinde pa khomalo.

"Amisiri, pepani," anatero gogoyo, "inu mwabwera kudzamanga, sitikukana. Koma khoma ili musalikhudze."

"Agogo, ntchitoyi ndimaidziwa ine. Chakale ndi chatsopano sizigwirana bwino," anayankha mmisiriyo.

"Mumadziwa njerwa, mwanawe, koma khomali timalidziwa ndi ife."

Mawu amenewa anamubaya mumtima. Anali atasiya banja lake ndi ndalama zake, ndipo tsopano anali kutsutsidwa pamaso pa anyamata. Tsiku lonselo sanagwire ntchito, ndipo maganizo obwerera ku Mwanza anamufikira. Madzulo ake mkulu wa mpingo anamutengera pambali namufotokozera kuti pa tsiku limene mudziwo unaotchedwa, anthu ena anabisala kuseri kwa khomalo napulumuka, pamene ena anafera pomwepo, mwamuna wa gogo uja ali mmodzi wa iwo. Panalibe manda odziwika, panalibenso chithunzi. Chikumbutso chawo chinali khomalo.

M'mawa mwake mmisiriyo anakumba m'mphepete mwa khoma lija kuti aone maziko, ndipo anapeza kuti mwala wake unali wolimba. Anaimika chingwe, naona kuti kupendekeka kwake kunali kochepa. Pamenepo anasintha mapulani onse. Anamanga zipilala ziwiri zochirikiza khomalo kunja, nalumikiza makoma atsopano polowetsa njerwa zake m'mano a khoma lakale. Ntchito yotere ndi yochedwa ndiponso yofuna kuleza mtima kuposa kuyamba mwatsopano. Mabowo a zipolopolo anawasiya osamata.

Kuchokera tsiku limenelo ntchito inasintha nkhope. Amayi ankatunga madzi mbandakucha, abambo ankaponda dothi ndi kuumba njerwa m'zikombole, ana ankazitembenuza kuti ziume bwino, ndipo usiku anthu ankachezera kusonkhezera moto pauvuni. Mmisiri uja analeka kugwira yekha mpeni womangira. Anasankha anyamata atatu amene anakulira kumsasa wa othawa nkhondo, nawaphunzitsa kuyala njerwa motsata chingwe, kusiyanitsa mipata yake kuti khoma lisang'ambike, ndi kuyesa ngodya. Akalakwitsa ankawaphwasulitsa, koma sankawalanda chida.

Mitambo itayamba kusonkhana, alendo aja anayenera kubwerera kukasosa minda yawo. Makoma anali atafika pamwamba pa mazenera, koma denga linali lisanaikidwe. Mmisiriyo zinamuwawa kusiya ntchito yosatha, ndipo kunyumba anapezadi kuti feteleza wa chaka chimenecho anali wosakwanira. Denga analikhoma ndi eni ake chaka chotsatira, motsogozedwa ndi anyamata atatu aja, iye kulibe. Dzina lake silinalembedwe pamwala uliwonse.

Nkhaniyi ili ndi phunziro kwa aliyense wofuna kukathandiza kwa eni. Masiku ano magulu ambiri amawoloka malire ngakhalenso nyanja kukamanga matchalitchi, sukulu ndi zipatala, ndipo cholinga chawo n'chabwino. Koma wothandiza amagwa msanga m'chiyeso choganiza kuti popeza wabwera ndi luso kapena ndalama, wabweranso ndi ulamuliro. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene adzapemphere m'nyumbayo, kuisesa ndi kuikonza ikadontha ndi eni ake, choncho mawu omaliza ayenera kukhala awo.

Ndiponso wothandiza lero ndiye wothandizidwa mawa. M'zaka za 2015 ndi 2016 anthu a ku Tete anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, mpaka msasa wa Luwani unatsegulidwanso. Palibe amene adziwa kumene mphepo idzalowere nthawi ina. Pachifukwa ichi, wopita kukathandiza anzake anyamule zida zake ndithu, koma akafika ayambe wakhala pansi ndi kumva zimene eni khomo akunena.