Masamu olowa m'mutu



Aliyense wophunzitsa masamu amalidziwa funso ili: "Aphunzitsi, zimenezi tidzadyerapo chiyani?" Yankho lozolowereka ndi lakuti udzakhala akauntanti, injiniya kapena mphunzitsi. Ntchito zonsezi n'zabwino, koma mndandandawu ndi waufupi. Lero ndikufuna ndiwonjezepo ntchito ina. Kunjaku kuli anthu amene amalipidwa mwezi ndi mwezi chifukwa chofufuza ubongo wa munthu pogwiritsa ntchito masamu.

Ubongo uli ndi maselo otumiza mauthenga pafupifupi 86 biliyoni, ndipo selo lililonse limalumikizana ndi anzake ambirimbiri. Selo limodzi palokha siliganiza kanthu. Mutu umodzi susenza denga. Kukumbukira, kulankhula ndi kuyenda zimachokera m'kulumikizanako, ndipo apa ndi pamene masamu amalowera.

Tengani pepala, mulembe timadontho toimira Mitundu, Bunda, Malingunde, Nathenje, tauni ya Lilongwe ndi midzi ya m'munsi mwa Dzalanyama. Pamene pali msewu jambulani mzere. Kanjira ka m'mudzi kakakokoloka m'dzinja, anthu amangodzera kwina. Koma msewu wa pamsika wa Mitundu utatsekeka, matimati, mbatata ndi fodya wa midzi yambiri sizingafike mtauni. Ubongo nawonso uli ndi malo okumanirana ngati Mitundu, ndipo kuvulala kwa malo otero kumasokoneza zinthu zambiri kuposa kuvulala kwa pena. Masamu a timadontho ndi mizerewa anawayamba ndi Leonhard Euler m'chaka cha 1736, pamene ankayankha funso la milatho 7 ya mumzinda wa Königsberg. Mapu anuwo mukhoza kuwalembanso m'tebulo: 1 pamene pali msewu, 0 pamene palibe. Imeneyo ndi matrix ija ana athu amaiona ngati chilango.

Mu 1986 asayansi anatulutsa mapu a maselo onse 302 otumiza mauthenga a kanyongolotsi kotchedwa C. elegans. Mu 2024 anatulutsa mapu a ubongo wa kantchentche ka pazipatso, okhala ndi maselo pafupifupi 140,000 ndi malumikizano oposa 50 miliyoni. Zoterezi munthu sangaziwerenge ndi maso. Pamafunika wodziwa masamu ndi kompyuta.

Wina anena kuti zimenezi n'za kunja. Ayi ndithu. Tonse kuno taonapo mwana akukomoka ndi malungo aakulu, aja ofika ku ubongo. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor ndi anzawo anakonza muyeso wotchedwa Blantyre Coma Scale, umene unasindikizidwa mu 1989. Mwana amapatsidwa nambala kuyambira 0 mpaka 5 malinga ndi mmene akuyendetsera maso, mmene akuyankhira akamva kupweteka ndi mmene akulirira. Ndi samu yophonkhetsa chabe, koma madokotala a m'maiko ambiri amaigwiritsa ntchito, ndipo dzina lake ndi la mzinda wathu.

Mu 2008 pachipatala chomwecho panafika makina ojambula m'mutu a MRI. Makinawa sajambula ngati kamera. Amatola mafunde, kenaka kompyuta imawasandutsa chithunzi pogwiritsa ntchito sine ndi cosine. Mu 2015 Karl Seydel ndi anzake anafalitsa zimene anapeza mwa ana 168 odwala malungo a mu ubongo. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Funso limene linavuta anthu kwa zaka zambiri, lakuti anawa amafa bwanji, linayamba kuyankhidwa ndi kuyeza ndi kuwerengera.

Ena mwa ana opulumuka amadzayamba kugwa khunyu. M'midzi mwathu mwana wotere amathawidwa, ena amati walodzedwa, ndipo ambiri amasiyira sukulu panjira. Koma khunyu ndi nkhani ya misewu ya mu ubongo yomwe ija. Maselo a pamalo pena amayamba kutumiza magetsi nthawi imodzi, kenaka chisokonezocho chimafalikira ngati moto wa tchire louma mu Okutobala. Ofufuza amamata timawaya pamutu, nalemba mafunde a magetsiwo, ndipo amasamu amathandiza kupeza pamene motowo wayambira ndi njira imene wadzera. Amene angachite ntchito imeneyi akudziwa Chichewa, akudziwanso mudzi umene wodwalayo wachokera, ndi wofunika kwambiri.

Nanga njira yake ndi iti? Poyamba ndi kukhoza bwino masamu ndi sayansi pa MSCE. Kenaka digiri ya masamu, monga ya ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University, ndi kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Ku Muizenberg, ku Cape Town, kuli sukulu ya AIMS imene inatsegulidwa mu 2003, yophunzitsa masamu a pamwamba kwa ana a mu Africa, ndipo osankhidwa amalipiriridwa. Ku Cape Town komweko, mu 2017, kunayamba maphunziro a masabata ochepa otchedwa Imbizo, okhudza masamu a ubongo. Kwathu kuno, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ndi a Kamuzu University of Health Sciences amagwira ntchito limodzi ndi akatswiri a ziwerengero. Ulendowu ndi wautali ndipo malo ndi ochepa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Aphunzitsi anzanga, tikafika pa matrix chaka chino, tiyambe ndi mapu a misewu yathu pa bolodi, kenaka tiwauze anawo kuti m'mitu mwawo muli mapu otere. Choko chomwechi chikwanira. Inu ana anga amene muli ku koleji, kapena muli ndi mng'ono wanu wokonda masamu amene akuti alibe nawo kolowera, muuzeni nkhaniyi.

Zabwino zonse pamene tikukonzekera mayeso.