Spa Imene Inatibwezera Ndalama

Mu Okutobala mitengo ya jakaranda ya mu Blantyre imathothola maluwa mpaka msewu kusanduka wa papo. Mwezi womwewu, pa 15, ndi Tsiku la Anakubala, ndipo chaka chimenecho ife awiri, ana aakazi a bere limodzi, tinagwirizana kuti zitenje tagula zokwanira. Tinasonkha ndalama kuti tipite ndi Amayi ku spa, malo amene munthu amakapumulitsa thupi ndi madzi, nthunzi ndi manja a anthu ophunzira kutikita minofu, n'kubwerako tsiku lomwelo.

Chifukwa tinali nacho. Amayi anali atangobwera kumene kuchokera ku Johannesburg kokaona mlongo wathu ndi adzukulu. Anabwera pa basi, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ulendo wopitirira tsiku lathunthu munthu ali chikhalire, chikwama chili pamiyendo. Atafika kwathu ku Ndirande ankadandaula msana, ndipo mwendo wakumanzere unali utatupa kuyambira m'bondo kutsika. Tinangoti n'kutopa kwa ulendo, akautikita bwino uphwa.

Lamlungu m'mawa tinakwera takisi kupita ku Nyambadwe. Si patali, koma ukalowa pageti umachita ngati wasintha dziko. Spa yake ndi nyumba yakale yokhalamo anthu, ya khonde lalitali, kapinga wothirira ndi mtengo wa mapeyala kuseri. Phiri la Ndirande, limene kwathu limatiyang'ana pamutu, kumeneku limaoneka chapatali, la mbee chifukwa cha kutha kwa mitengo. Phokoso la ma minibasi silifika. Pakhomo tinavula nsapato n'kupatsidwa masilipasi, ndipo m'nyumba monse munkamveka fungo la mandimu ndi bulugamu. Amayi anatinong'oneza kuti, "Ana inu, kuno madzi akumwa aliponso ndi mtengo?" Analibe mtengo. Anabwera m'tambula, muli kagawo ka nkhaka.

Tisanaone chipinda chilichonse anatipatsa fomu. Kunena zoona inatitopetsa, chifukwa tinabwera kudzasangalala, osati kudzalemba mayeso. Inkafunsa za BP, shuga, mimba, opaleshoni, mankhwala amene munthu akumwa, mabala, kutentha thupi ndi malo otupa. Pa funso lomalizali tinalemba mosaganiza kuti mwendo, n'kuonjezera kuti ndi umene tikufuna autikite kwambiri.

Mtsikana amene anapatsidwa Amayi anawerenga fomuyo, kenaka anagwada n'kupempha kuona miyendo yonse iwiri. Anaiyerekeza, anagusa wotupawo ndi kuseri kwa dzanja, osafinya. Unali wotentha kuposa unzake. Anafunsa kuti kutupa kunayamba liti, ndipo atamva za basi ya ku Joni anaimirira.

"Amayi, mundikhululukire, lero sindikugwirani. Mwendo uwu akauone kuchipatala, ndipo lero lomwe, osati mawa."

"Mwana wanga, ungondipaka mafuta pang'ono basi, ndabwera kale."

"Ayi Amayi, ngakhale pang'ono."

Mmodzi wa ife anakwiya, ndipo sitinena kuti ndani. Takisi tinali titalipira, theka la ndalama tinali titatumiza kale pafoni. Mtsikanayo sanakweze mawu. Anafotokoza kuti munthu akakhala nthawi yaitali osayenda, magazi amayenda pang'onopang'ono m'mitsempha yamkati mwa mwendo ndipo amatha kuundana. Madokotala amati deep vein thrombosis, mwachidule DVT. Zizindikiro zake ndi mwendo umodzi wotupa, wotentha, wopweteka pa katumba. Choopsa n'choti magazi oundanawo akathothoka amayenda ndi mtsempha, kudutsa mumtima, n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, ndipo munthu amatha kufa mwadzidzidzi. Kukanya mwendo wotere kuli ngati kugwedeza mtengo pamene pansi pake pagona mwana. Iye sanganene motsimikiza kuti ndi matendawa, anatero, koma ndi chifukwa chake sangaugwire. Ndalama anatibwezera zonse.

Kuchipatala anajambula mwendowo ndi sikani ndipo anapezadi magazi oundana kuseri kwa bondo. Panatsatira majakisoni, kenaka mapiritsi a warfarin kwa miyezi ingapo, ndi maulendo okayezetsa magazi. Tinkayang'anana osalankhula tikakumbukira kuti usiku wa Loweruka lija tinatsala pang'ono kuutikita tokha mwendowo ndi Vaseline.

Tinabwereranso ku Nyambadwe mu Juni, dokotala atawasiyitsa mankhwala n'kuvomereza. Kunja kunali chiperoni, phiri losaoneka n'komwe, kapinga yense ali chinyezi. Ulendo uno fomu tinailemba ngati anthu odziwa kufunika kwake, ndipo tinaona nyumba yonse.

Zipinda zogona zakale ndi zimene anazisandutsa zotikitiramo. Chilichonse chili ndi bedi lalitali lopapatiza, lokhala ndi bowo loikapo nkhope, ndi mulu wa matawulo. Nkhawa yaikulu ya Amayi inali yovula pamaso pa mwana wa eni ake. Apa tinaona mwambo wabwino: wotikita amatuluka, munthu amavula yekha mpaka pamene iye wafuna, n'kudzifunda. Pogwira ntchito amavundukula mbali yokhayo imene akutikita, kwina konse kuli kofunda. Anatifunsanso ngati tikufuna wamkazi kapena wamwamuna. Malo amene sachita zimenezi, kapena amene amazengereza kunena kumene antchito awo anaphunzira, si ofunika kusiyako ndalama.

Masaji amene tinasankha ndi otchedwa Swedish, dzina limene anthu amaligwirizanitsa ndi Per Henrik Ling wa ku Sweden, amene anamwalira mu 1839. Amayamba ndi kusisita kwautali ndi zikhatho zodzola mafuta, kulowera chakumtima. Kenaka amakanya mnofu ngati ufa wa mandasi, amazunguliza chala chachikulu pamalo pamene paumirira, n'kumaliza ndi kumenya pang'onopang'ono ndi m'mbali mwa manja. Ola limodzi linatha ngati mphindi khumi. Pa mapewa, pamene tonse timasenzera zidebe ndi nkhawa za fizi, panapweteka mokoma. Wotikita ankafunsa pafupipafupi ngati mphamvu yakwanira, ndipo anatiuza kuti ululu wobaya si chizindikiro choti ntchito ikuyenda, munthu azinena msanga.

Kumene kunali garaja anamangako zipinda ziwiri zotentha. Sauna ndi ya matabwa, mpweya wake ndi wouma ndipo umafika madigiri 80 kapena kupitirira. Chipinda cha nthunzi chimakhala cha m'ma 40, koma chinyezi chake chimachititsa kuti thukuta lisaume, ndiye chimamveka chotentha kuposa nambala yake. Ife tinapirira mphindi khumi, tinatuluka miyendo ili lendelende n'kumwa madzi matambula awiriawiri. Amayi sanalowe chifukwa cha BP. Kutentha kumatakasa mitsempha ndi kufulumizitsa mtima, kotero amayi oyembekezera ndi odwala mtima ayenera kufunsa dokotala kaye. Chimodzimodzi miyala yotentha imene amaika pamsana, ndi beseni lonyikamo mapazi: wodwala shuga amene mapazi ake achita dzanzi akhoza kupsa osamva.

Zambiri mwa izi si zachilendo kwa ife. Dzina loti spa linachokera ku tauni ya Spa ku Belgium, yotchuka ndi akasupe ake. Ku Battle Creek ku America, chipatala chimene mpingo wathu unatsegula mu 1866 chinkathandiza odwala ndi madzi otentha ndi ozizira komanso kutikita, ndipo Dr John Harvey Kellogg, amene anayamba kuchitsogolera mu 1876, analemba buku lathunthu la kutikita minofu. Madokotala a masiku ano sanazitaye. Mu 2017 bungwe la American College of Physicians linalangiza kuti msana ukangoyamba kupweteka, munthu ayese kaye zinthu monga kuika chofunda pamalopo ndi kutikita asanathamangire mapiritsi, ngakhale linanenanso kuti umboni wa kutikita ndi wochepa mphamvu.

Chimodzi chokha sitinagwirizane nacho. Pakhoma la polandirira alendo panali chikwangwani cholonjeza kuti nthunzi ndi matope opaka thupi zimatulutsa poizoni m'magazi. Ntchito imeneyo ndi ya chiwindi ndi impso. Thukuta ndi madzi ndi mchere pang'ono, ndipo kulemera kumene munthu amataya mu sauna kumabwerera akangomwa madzi. Tinadabwa kuti nyumba imene inatiuza zoona pa nkhani ya mwendo ikulola khoma lake kukokomeza chotere. Tinamuuza mtsikana uja. Anaseka n'kunena kuti chikwangwani sanalembe ndi iye.

Amayi anatuluka m'chipinda mwawo tsitsi lili nyankhalala, maso ali ofiira ndi tulo. Anawatikita msana ndi mapewa okha, mopepuka, atayamba ndi kuwaika matawulo otentha. Anakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi wa mandimu n'kutiyang'ana.

"Ndiye ndalama zonsezi n'zolipirira kuthowa?"

Anatikumbutsa mmene agogo athu ankawathowera atabereka aliyense wa ife: madzi ofunda m'beseni, kansalu kofinya bwino, kuyesa kaye pa dzanja lawo, kenaka mafuta a nsatsi. Anati manja a mtsikanayu ndi ofewa kuposa a agogo, koma agogo sankafunsa mafunso. Pamenepo anakhala kaye chete. Kenaka anamuitana, anamasula mfundo ya chitenje n'kumupatsa kangachepe, ndi manja awiri.

Mtengo wa ola limodzi kumeneku si wa mwezi ndi mwezi kwa anthu ngati ife, ndipo sitinamizira kuti tidzakhala makasitomala. Tinapempha kuti atisonyeze kutikita mapewa ndi khosi, ndipo anatisonyeza pa mmodzi wa ife: kuyamba mopepuka, kukanya mnofu osati fupa, kupewa kutsogolo kwa khosi. Tsopano Lachinayi madzulo Amayi amakhala pampando wakukhitchini, tawulo lofunda pamapewa, ife n'kumasinthana.

Mu Disembala akupitanso ku Joni. Tikiti tagula kale, mpando wa m'mbali mwa kanjira, ndipo alonjeza kuti basi ikaima paliponse azitsika n'kuyendayenda, ngakhale pa Nyamapanda usiku. Chikwama chipita kumbuyo ndi katundu wina.