Kwa mphwanga amene wagula kiyibodi

Mphwanga,

Achemwali andiuza kuti ndalama za soya wagulira kiyibodi ku Chipata, ndipo tsopano ndiwe ukuimbira kwaya. Ndanyadira ndithu, ngakhale feteleza wa chaka chino sindikudziwa ugula ndi chiyani. Wafunsa kuti limba linalowa bwanji m'matchalitchi akwathu. Tchera khutu.

Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ndipo mu 1908 anatsegula Nsadzu, kwathu konkuno ku Chadiza. Anadza ndi nyimbo zakwawo, mawu okha n'kuwaika m'Chinyanja, zija timaimba m'buku la Nyimbo za Mulungu. Aphunzitsi ankalemba solofa pabolodi, ana n'kumaloweza. Limba la masiku amenewo linali lopopa ndi mapazi, ukatopa mwendo nyimbo imafera pakati. Ng'oma ankati ndi ya kudambwe, isayandikire khomo. Akatolika nawo anakhala pa Chilatini mpaka msonkhano wa Vatican II, wa 1962 mpaka 1965, utalola zilankhulo ndi maimbidwe a eni dziko. Ng'oma ndi visekese zinalowa pambuyo pake.

Agogo aamuna anabwera ndi limba laling'ono lopopa ndi mapazi pochokera kumigodi. Ndimakumbukira makiyi ake achikasu, awiri osalira, ndi chikopa cha mvukuto chimene anachimata ndi phula. Iwo atangomwalira, amalume analigulitsa n'kugula njinga, osafunsa munthu. Amayi mpaka lero nkhaniyi ikatchulidwa amangodzuka n'kukasonkha moto. Likanakhala lako limenelo.

Usaganize kuti ntchitoyi ndi yachibwana. Michael Sauka wa ku Malawi, wobadwa mu 1934, anali munthu wa limba, ndipo ndiye anapeka nyimbo ya fuko lawo imene inasankhidwa mu 1964, mawu ndi maimbidwe omwe. Anamwalira mu 1990 koma ana asukulu akuimbabe ntchito yake. Ku Balaka, Paul Banda anayamba ndi Alleluya Band pa parishi ya Katolika mu 1978, ndipo mng'ono wake Lucius anakulira momwemo asanatulutse Son of a Poor Man mu 1994. Kwa abale awiriwa sukulu yoyamba inali tchalitchi.

Tsono iwe, phunzira kuwerenga manotsi. Anyamata ambiri kuno ku Lusaka amadziwa kiyi imodzi yokha, kwinako amadina batani losinthira kiyi, n'kuyatsa biti ya m'makina kuti iziwaimbira. Magetsi akathima amangoti kakasi. Ukakolola bwino zaka ziwiri, bwera udzayese ku Evelyn Hone College, amaphunzitsa nyimbo, pogona ndilipo. Ukamapeka zako, yamba wayankhula mawuwo mokweza, umve pamene akwera ndi pamene atsika, nyimbo itsate pamenepo. Nyimbo zambiri zotembenuzidwa zija zimapotoza mawu mpaka nkhalamba kusamva chimene chikunenedwa. Ndipo chepetsa sipika. Amayi a Chigwirizano anayamba kuimba iwe usanabadwe, ntchito yako ndi kuwaperekeza. Pamaliro, ngati anamfedwa sanapemphe, kiyibodi isiye kunyumba.

Za ndalama usayembekeze zambiri. Mpingo umalipira ndi zikomo ndi mbale ya nsima, ndiye khasu usalitaye.

Ndamvanso kuti pali mtsikana wina wa soprano amene umamuperekeza mukaweruka kwaya, njira yake yosiyana ndi yakwathu. Ngati n'zoona, uza amalume aang'ono msanga, asamve kwa anthu.

Kiyibodiyo uziifunditsa chitenje, fumbi la mu Okutobala limapha makiyi, ndipo usailumikize ku batire ya sola popanda wodziwa. Ndikabwera kumwambo wa Kulamba mu Ogasiti ndidzadutsa kumudzi ndi buku la manotsi. Udzandiimbire nyimbo imodzi yopeka wekha, biti ya makina utazimitsa.

Ndine mkulu wako.