Chikwama cha Munthu Wogona ku Ulendo

Aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi amaitanidwa kaŵirikaŵiri ku maphunziro kutali ndi kwawo, nagona mlungu wathunthu m'hotela kapena m'nyumba ya alendo. Inenso maulendo otere andichulukira, kotero kuti chikwama changa chimakhala cholongedzeratu.

Pansi pamakhala neti, pakuti udzudzu wa ku Salima ndi ku Mangochi sufunsa mtengo wa chipinda, ndipo neti ya eni nyumba nthaŵi zina imakhala yobooka. Kenaka sopo, thaulo, tochi, chiphaso cha unzika ndi chaja ya foni. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku atenge opitirira masiku a ulendo.

Koma yeso lenileni la ku hotela limadza madzulo. Maphunziro atha 5 koloko, alawansi ili m'thumba, moŵa ukugulitsidwa pakhomo pomwepo, ndipo palibe wodziŵa kuti ndinu Mkhristu kapena mwamuna wa mwini. N'chifukwa chake Buku Lopatulika ndi Mlozo ndimaziika pamwamba penipeni. A Gideons anayamba kuika Mabaibulo m'zipinda za alendo m'chaka cha 1908, ndipo tiwathokoza; komabe ena ndi a Chingerezi, ndipo m'zipinda zina mulibe konse.

Ine ndi mayi a kunyumba tinapangana nthaŵi ya 8 koloko. Ndimaimba foni, ana naŵerenga ndime ya tsikulo, ine n'kutseka ndi pemphero. La Mulungu likati lindipeze komweko, ndimafunsiratu Loŵeruka kumene kuli tchalitchi. Motero jekete ndi tayi sizitsala.