Nyeleti Imasula Mfundo, Koma Mtolo Atula Ndani?

Kwathu kwa Zingalume, m'boma la Chadiza, anthu ambiri akhulupirira nyeleti koposa mankhwala akumwa. Wodwala akabwerako ku kiliniki ndi mapilisi okha adandaula kuti sanamsamale. Ena afuna-funa munthu wa m'mudzi wosunga nyeleti m'cikwama, ena akatemetsa mphini. Anzanga acinyamata, nyeleti yothandiza kuwawa kwa minofu iliko ndithu, koma tiyenera kudziwa pamene mphamvu yake ilekezera.

Azakhali anga anavutika ndi khosi ndi mutu zaka zambiri. Pakati pa khosi ndi phewa panali kanthu kolimba konga njere ya nsawa. Ukakanikiza pamenepo ndi cala, ululu unali kukwera kuseri kwa khutu kufikira m'mbali mwa diso. Ena anati alodzedwa. Mwana wao atapita nao ku cipatala ku Lusaka, dotolo anafotokoza kuti mbali ina ya mnofu inakungika ndi kupanga kamfundo kosamasuka. Pa Cingelezi akachula kuti trigger point, cifukwa ukakakhudza katumiza ululu kwina.

Dotolo afufuza kamfundoko ndi zala, nakagwira kuti kasathawe, ndipo alasa nyeleti yopyapyala m'kati mwake. Kawiri-kawiri mnofu unjenjemera kamodzi, ndico cizindikiro cakuti walasa pamalo pake. Aikamo pang'ono mankhwala ocititsa dzanzi, monga lidocaine. Nchito yonse itenga mphindi zowerengeka.

Njira iyi inachuka cifukwa ca Janet Travell, dotolo wamkazi wa ku America. Mu 1955 anayamba kulasa John F. Kennedy, amene anali kuvutika ndi msana, mankhwala a procaine, ndipo Kennedy atakhala pulezidenti mu 1961 anamsankha kukhala dotolo wake. Koma nyeleti zokha sizinakwane. Caka comweco anaitana dotolo wina, Hans Kraus, amene anamuyambitsa masewera olimbitsa ndi kutambasula minofu. Ngati zinatero kwa mtsogoleri wa dziko lolemera, nanga ife?

Pali zinthu ziwiri zofunika kucenjera nazo. Coyamba, mapapo ali pafupi kunsi kwa phewa. Munthu wosaphunzira akalowetsa nyeleti mopitirira angalase papo, wodwalayo n'kulephera kupuma. Ndiponso nyeleti kapena lumo logwira anthu awiri lingathe kupatsira HIV ndi matenda a ciwindi a hepatitis B. Caciwiri, si kuwawa konse kumene kucokera ku mfundo. Msana ukamawawa pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi kapena kufooka miyendo, ingakhale TB ya mafupa a msana. Wotere apite msanga ku cipatala ca Chadiza kapena ku St Francis ku Katete akapimidwe.

Azakhali atalasidwa anagona tulo tabwino, mutu unaleka. Dotolo anawalangiza kuti azithowa paphewa ndi nsalu ya madzi ofunda, aziweramitsa khosi uku ndi uku tsiku ndi tsiku, ndiponso acepetse kusenza. Ziwiri zoyambazo anacita. Cacitatu cinawakanika, pakuti kunyumba cigubu cinali kuwayembekeza. Cigubu ca malita 20 cilemera makilogalamu 20, ndipo anali kucisenza kangapo pa tsiku, osawerengera nkhuni, munsi ndi khasu. Pofika nyengo yopalira, ululu unabwerera. Unadzacepa pamene adzukulu ao anyamata anayamba kutunga madzi pa njinga.

Cimene ndinaphunzirapo ndi ici: nyeleti ipatsa mnofu mpata wopumula, koma sicotsa cimene cinaumanga. Ambiri a ife sitidzakhala madotolo, ndipo si mabanja onse angathe kulipira ulendo wa ku Lusaka. Koma mtolo tonse titha kulandira. Anyamata ena aopa kusekedwa kuti kutunga madzi ndi kutola nkhuni ndi nchito ya akazi, pamene amai ao agona akubuula. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Tsono pa msonkhano wanu wotsatira, gulu lililonse liwerenge nkhalamba ndi amai amasiye a m'mudzi mwao amene asenza okha madzi. Gawanani masiku, bwerekanani njinga ndi ngolo. Ndipo mukamva kuti wina afuna kulasidwa ndi munthu wa cikwama, mperekezeni ku cipatala.