Mwana wamanzere: kuno amapendeketsa kope, kwathu timasintha dzanja

Pali nkhani imene makolo a ku Malawi okhala kuno ku Britain amakangana nayo kawirikawiri ndi agogo a ana kumudzi. Mwana akayamba kugwira pensulo ndi dzanja lamanzere, aphunzitsi a kuno amangomukhazika kumanzere kwa mnzake kuti zigongono zisamagundane, amamupendeketsera kope kuti asamafute zimene walemba, n'kumupatsa sizasi yopangidwira amanzere. Kwathu, ngakhale zinthu zikusintha, m'makomo ambiri mwana wotere amamenyedwa kadzanja akatambasulira ku mbale ya nsima, ndipo kusukulu choko chimasamutsidwira kudzanja lamanja. Kafukufuku wa ku College of Medicine ku Blantyre, yemwe anatuluka mu 2006, anapeza kuti ambiri mwa ofunsidwa ankati wamanzere ayenera kusinthidwa. Ine ndikuti tisiye kulimbana ndi dzanja, tiziyang'ana mwanayo mmene akukulira.

Umanzere si chizolowezi choipa chimene mwana watola kwa anzake. Pa anthu 10 alionse padziko, pafupifupi mmodzi ndi wamanzere, ndipo amuna amachulukirapo pang'ono. Zithunzi za sikani zimaonetsa kuti ana ena amayamba kuyamwa chala chamanzere ali m'mimba, asanamve mwambo wa aliyense. Azungu nawonso sanayambe ndi kumvetsa. Mfumu George VI, bambo wa Mfumukazi Elizabeth II, inabadwa yamanzere koma inakakamizidwa kulemba ndi lamanja, ndipo inavutika ndi chibwibwi moyo wake wonse. Akatswiri sanatsimikize kuti kukakamizako ndiko kumayambitsa chibwibwi, koma masukulu a kuno anasiya mchitidwewu ataona kuti umangobala mantha, zolemba zoipa ndi kudana ndi sukulu, popanda phindu lililonse.

Wina ati: nanga si akatswiri omwewo amati umanzere umayenda ndi mavuto a kakulidwe? Pali choonadi pamenepo. Amanzere ndi ogwiritsa manja onse mosinthasintha amapezeka ochulukirapo pakati pa ana obadwa masiku asanakwane, ana a autism, ndi ena ovutika kuwerenga. Koma izi sizikutanthauza kuti dzanja ndilo lachititsa. Ubongo ukakula mosiyanako, dzanja ndi chimodzi mwa zimene zingasinthe, choncho kusamutsa pensulo sikuchiza kanthu. Amanzere ambiri alibe vuto lililonse, ndipo pafupifupi 7 pa 10 mwa iwo chilankhulo chimayendetsedwa ndi mbali yamanzere ya ubongo, monga zilili ndi amanja. Choyenera kudetsa nkhawa ndi china. Ana ambiri amakhazikika pa dzanja limodzi pakati pa zaka 2 ndi 4. Khanda losakwana chaka likamatola zonse ndi dzanja limodzi, lina lili chifumbatire, anamwino a kuno amalitumiza kwa dokotala chifukwa mbali inayo ingakhale yofooka. Kusikelo kwathu mayi angathenso kunena zimenezi, kaya dzanja logwira ntchitolo ndi lamanja kapena lamanzere.

Mfundo ya agogo ndi yolemera ndipo siyenera kusekedwa. Kumene anthu amadyera mbale imodzi, madzi akutungidwa kutali, kugawa manja kuti lina likhale lodyera, lina la kuchimbudzi, kunali nzeru yoteteza banja ku matenda otsekula m'mimba. Kupereka chinthu kwa wamkulu ndi dzanja lamanzere kunasanduka mwano pa chifukwa chomwecho. Komabe ulemu ndi kulemba ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana wamanzere angaphunzire kupereka moni ndi lamanja, kulandira ndi manja awiri atagwada, ngakhale kutema mbamu ndi lamanja pakati pa alendo, chifukwa izi n'zakanthawi ndipo sizifuna luso la zala. Kulemba tsiku lonse, kusoka, kusenda mbatata ndi mpeni, ndiko kumafuna dzanja limene ubongo unasankha. Pa ukhondo, sopo ndi madzi oyenda ndizo zimachotsa majeremusi.

Kuno nakonso kuli kukokomeza kwake. Pa 13 Ogasiti, tsiku la amanzere padziko lonse, anthu amatchula Barack Obama ndi Leonardo da Vinci ngati umboni woti amanzere ndi anzeru zoposa. Pa nzeru, kusiyana kwa amanzere ndi amanja n'kochepa kwambiri. Mwayi weniweni umaoneka m'masewera a munthu ndi munthu monga nkhonya, tenisi ndi cricket, chifukwa mdani anazolowera kukumana ndi amanja, ndiye nkhonya ikachokera mbali ina imamudzidzimutsa.

Tikatumiza mayunifolomu ndi makope kumudzi, tizitumizanso uthenga kwa aphunzitsi a Sitandade 1: mwana wamanzere akhale kumapeto kwa benchi chakumanzere, kope lipendekeke, rula imuleke. Akamachedwa kulankhula kapena kuwerenga, afufuzidwe ngati mwana wina aliyense.