Agogo ofuna kupita kwawo

Abale anga a ku Zomba, ndikulemba izi nditavala majuzi awiri, kapu ya tiyi ili pambali yoti ndizifunditsira zala. Kuno ku Glasgow mwezi wa Disembala dzuwa limatuluka 9 koloko itayandikira, ndipo 4 koloko isanakwane kunja kwada kale. Ndikati dzuwa ndangolipatsa ulemu, chifukwa ndi kanthu kotuwa kobisala m'mitambo, kosaumitsa ngakhale mpango. Inu pano muli kalikiliki kupalira chimanga, thukuta lili kamukamu, mango akugwa okha. Mvula yanu imabwera ndi mabingu ndi fungo la dothi, kenako n'kukata. Ya kuno ndi mvumbi wosadziwa kutopa. Eni dziko ali ndi liwu lakuti dreich, kunena tsiku lonyowa, lozizira, longa la maliro.

Nsima ndimaphika ndithu. Ufa ndimagula m'sitolo ya zakudya za ku Africa, woyera bwino koma wopanda kafungo ka mphale yoviika. M'malo mwa nkhwani ndimadula masamba olimba otchedwa kale, m'malo mwa nsinjiro ndimatapa chiponde cha m'botolo. Zimadyeka. Chosadyeka n'chakuti ndimaomola mitanda iwiri, n'kusamba m'manja ndekha, popanda woodira pakhomo woti ndimuuze kuti mwapeza tikudya.

Ndimagwira ntchito ku care home, nyumba yosungirako nkhalamba, pakuti kuno agogo sakalambira pakhonde pakati pa zidzukulu. Kumeneko kunali agogo ena aakazi a zaka zoposa 90, odwala matenda oiwala. Dzina la mwana wawo wobereka okha linawathawa. Koma kukangoyamba kuda, ankavala chijasi chawo, kachikwama m'khwapa, n'kukaima pachitseko: akufuna kupita kwawo, amayi awo akuwadikira. Anamwino amati sundowning, kubalalika kwa mutu kumene kumagwira odwala otere dzuwa likamalowa. Kwawoko kunali ku Gorbals, m'nyumba zosanja zakale zimene zinagwetsedwa agogowo akadali ndi mphamvu. Anzanga anandiphunzitsa kuti ndisamatsutsane nawo, ndizingoti basi yachedwa, tiyeni timwe tiyi.

Tsiku lina bodza la basi litanditopetsa, ndinangoyamba kung'ung'udza Salimo 23 m'maimbidwe amene tinakula nawo ku CCAP. Agogo aja anatembenuka, n'kuilanda nyimbo. Anaimba ndime zonse mpaka kumapeto, osaphonya liwu, mawu akunjenjemera koma osasochera. Atamaliza anavula chijasi okha n'kukhala pansi. Ine ndinakalowa m'chipinda chochapira kukapukuta misozi.

Chinandiliza n'chakuti matenda awowo nanenso ndili nawo. Kukamada mtima umanyamula chikwama. Koma ulendo uja ndinabwera kudzakuonani, mukukumbuka, ndinapeza amayi ali kumanda, mtengo wa mango wapakhomo unasanduka makala, ana akunditchula kuti a ku UK. Ndinadya chambo, ndinamwa thobwa mpaka mimba kulira, ndipo kumudzi kumaposa kuno kutalitali. Komabe usiku ndili pa mkeka womwe ndinkaulota, ndinapezeka ndikusowabe kwathu. Abusa athu ankakonda kulalikira Ahebri 11, za Abrahamu wokhala m'mahema ndi anzake odziona ngati alendo. Ine ndinkasinza. Mwana woti nsima ikumudikira kuseri kwa tchalitchi angamve bwanji za ulendo? Panafunika chisanu cha Glasgow kuti ulaliki umenewo undipeze.

Ndinakwera sitima kupita ku Blantyre wa kuno, kamtunda kochepa kuchoka mu mzinda. Ndinaona chipinda chimodzi chimene David Livingstone anabadwiramo mu 1813, pafupi ndi pamene panali fakitale ya thonje imene anayamba kugwiramo ntchito ali ndi zaka 10. Kuno ku Scotland n'kumene kunachokera amishoni amene anatsegula Blantyre wathu mu 1876. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre wathuyo, chomwe chinatha kumangidwa mu 1891, mpaka lero Lamulungu anthu amachita kusinthana mapemphero. Kumene ndimapemphera ine, tikachuluka timakwana 30, ambiri a imvi, ndipo ola likakwana abusa atseka buku. Matchalitchi ena anagulitsidwa, muli nyumba za lendi, mwina malo omwera mowa, mawindo a zithunzi za atumwi akadali pomwepo. Pa kalembera wa 2022, anthu oposa theka m'Scotland anati alibe chipembedzo. Sindikuwanyoza, ndi anthu achifundo, ndipo dalaivala wa basi amamuthokoza potsika. Koma zimandikumbutsa m'mawa wa kumudzi: tinapita kukapala moto kwa anansi, wathu ukuyaka, pa mafuwa awo patsala phulusa.

Agogo aja anatisiya mwezi wathawu. Ndinapita ku crematorium, malo otenthera mitembo. Tinalipo anthu osakwana 15. Theka la ola, katani yatsekeka, ena akudikira panja ndi maliro awo, ife n'kupita kukamwa tiyi ndi tinthuli ta buledi. Panalibe masamba pamsewu ochenjeza odutsa, panalibe adzukulu, panalibe amayi a Mvano ochezera usiku wonse pa siwa. Kale ndinkadandaula kuti maliro athu amadya nthawi ndi nkhokwe. Lero ndikuti m'nyimbo za usiku zija kumwamba timakutchula ngati mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, kumene kuli abale athu ndipo njira yake tikuidziwa. Mwana amene wagona pamwendo pa amayi ake m'siwa amamva zimenezo asanadziwe kuwerenga. Musazitaye, abale, ngakhale achuma atakuuzani kuti n'zachikale.

Amalawi a kuno timasonkherana pa WhatsApp mnzathu akamwalira, kuti bokosi likatsike pa Chileka kapena ku Lilongwe. Ndalama zake n'zoopsa, koma palibe amene amafuna kugona m'dothi lozizirali. Nanenso ndimasonkha, ndipo bokosi langa likadzafika mudzandiike pafupi ndi amayi. Kungoti ndege imanyamula thupi basi. Kuti ndifike kuno ndinagulitsa munda, ndinadinditsa zala, ndinadikira viza mtima uli m'mwamba. Kwathu kwenikweniko mtengo wake Yesu analipira kale pamtanda, ndipo sakufunsa za ku banki, akungofuna munthu wolapa ndi kumukhulupirira. Chimandidabwitsa n'chakuti za ku UK mumandifunsa sabata ndi sabata, koma za ulendo waulerewu foni imakhala zii.

Achimwene, ndikunena inu makamaka. Alamu andiuza kuti belu likamalira mumakhala muli pa bawo, ndipo mumati mudzalowa mpingo mukadzakalamba. Ine okalamba ndimawasambitsa tsiku ndi tsiku. Ambiri sathanso kumva chatsopano, chimene chimatsala ndi chokhacho chinalowa mumtima mutu ukadali bwino. Lamulungu likubwerali valani jekete ndinakutumizirani ija, mukakhale kutsogolo. Ndidzaimba foni madzulo ake kuti mundiuze mutu wa ulaliki.